Mzere Womaliza pa Bilu ya ku Nathenje

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, ababa anali ndi kagalimoto koyera kotsegula kumbuyo. Anakagula kali kakale ndithu pa galaja ina ya pa Nathenje, imene inkagulitsa magalimoto ogwirapo ntchito komanso kuwakonza. Ankanyamulira anthu, mbuzi ndi matumba a chimanga masiku a msika pa Mitundu. Ine ndinali ndi kope lachikuto chobiriwira, mmene ndinkalemba zimene pakamwa panga pankakanika kunena. Zambiri zimene ndikukumbukira pano zili mmenemo, m'zilembo zing'onozing'ono chifukwa ndinkaopa kuti mapepala atha.

Pakhomo pathu wowerenga Chingerezi ndinali ine. Ababa anali mkulu wa mpingo ndipo Baibulo la Chichewa ankaliwerenga mosadodoma, koma ikabwera kalata ya Chingerezi ankandiitana. Ankanditcha amayi, poti ndinatenga dzina la mayi awo. Ndikamva kuti amayi abwere adzatimasulire, ndinkasiya mbale zili ndi thovu n'kupukuta manja pa chitenje. Ndinali mwana wamanyazi, wosakweza mkono m'kalasi ngakhale yankho ndikulidziwa. Malo amodzi okha amene mawu anga ankadikiridwa anali pakhonde lathu, pepala lili m'manja.

Itatha nyengo yogulitsa fodya, galimoto ija inayamba kulira m'mawa uliwonse ngati kankhumba kogwidwa mwendo. Anzawo a pa siteji anati ndi lamba wa injini chabe, kanthu kakang'ono. Ababa anapita nayo ku galaja kuja Lolemba, nawauza kuti asinthe lambayo ndi oyilo basi. Lachitatu anakaitenga. Inabwera ili chete, koma nkhope yawo inali itagwa. Bilu imene anawapatsa inali pafupifupi kuwirikiza katatu ndalama imene anatenga. Anapereka imene anali nayo, ndipo poti ankadziwana ndi eni galaja, anawalola kutenga galimoto kuti yotsalayo adzamalize Loweruka. Ndalama yotsalayo inalibe kwina kochokera koma m'kachitini ka feteleza kamene mayi ankasunga.

Madzulo omwewo anandiitana. Biluyo inali yotayipa pa makina, mizere isanu. Ndinamasulira lamba, oyilo, kenako mapulagi. Apa ababa anang'ung'udza kuti za mapulagi sanatume munthu. Mzere wachinayi unali malipiro a amakaniko. Wachisanu unali ndi liwu limodzi lokha: Sundries. Ndinali ndisanalionepo.

Chala cha ababa chinali pamzere pomwepo. Mayi anaima pakhomo ndi lichero, akudikira. Ndinaliyang'ana liwulo, ndinaona kuti likuyamba monga limayambira tsiku loyamba la sabata pa kalendala ya m'kalasi mwathu. Zilembo za pakati sizinkagwirizana, ndipo zimenezo ndinaziona ndithu, koma ndinadziuza kuti mwina wotayipa anaphonya.

“Alemba kuti Sande,” ndinatero.

“Lamulungu?”

“Eee. Akulipiritsani za Lamulungu.”

Ababa anawerenga masiku pa zala zawo. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Anabwerezanso. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwira mbava dzanja lili m'thumba. Anauza mayi kuti aone ubwino wophunzitsa mwana wamkazi, kuti pakanapanda ine akanalipira tsiku limene galimoto inali pakhomo pano, ndiponso tsiku lopatulika.

Inali nthawi imene zipani zambiri zinali zitangobwera, ndipo aliyense ankayesa mawu ake ngati nsapato zatsopano. Ababa anali munthu amene kale ankagula khadi ya chipani osafunsa, ngakhale ya mwana wakhanda. Pa moyo wawo wonse anali asanabwezepo mawu kwa munthu wokhala kuseri kwa tebulo. Tsiku limenelo anati nthawi yongoti inde bwana inatha, ndipo Loweruka akayankhula. Lachinayi nkhani inali itafika kale pa siteji ya Mitundu. Madalaivala anzawo anawalimbikitsa kuti asakapereke ngakhale tambala.

Ine liwu lija silinandichoke. Lachisanu pa buleki ndinazungulira ofesi ya aphunzitsi kawiri ndisanagogode. Chaka chimenecho sukulu inali itakhala yaulere, ana anali mbwee paliponse, ndipo aphunzitsi athu a Chingerezi anangondilozera dikishonale pa shelefu osandifunsa kanthu. Ndinalipeza liwulo. Silinali lolakwika kalembedwe. Linkatanthauza tinthu ting'onoting'ono tosiyanasiyana tosafunika kutchula kamodzikamodzi. Ndinatseka bukulo pang'onopang'ono, ndinathokoza, ndinatuluka.

M'kope muja, pa tsiku limenelo, muli mizere iwiri. Woyamba ukuti ndiwauza akatha kudya. Wachiwiri, wa pensulo ina, ukuti ndiwauza mawa m'galimoto.

Loweruka ababa anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anandikhazika kutsogolo, pamene nthawi zonse pankakhala okwera olemekezeka, nandipatsa biluyo kuti ndiigwire. Msewu unali wafumbi ndi wamabampu, minda ya fodya itatsala ziputu zokhazokha. Njira yonse iwo ankayeserera zokanena. Anati ayamba ndi za Lamulungu chifukwa ndiye mfundo yosakanika, ndipo akawagwetsa pamenepo, za mapulagi zidzangotsatira. Titafika pa kamlatho kena ndinati, “Ababa.” Ananditembenukira akumwetulira.

“Musaope, amayi. Woyankhula ndine. Inu mwagwira kale ntchito yanu.”

Ndinayang'ana panja. Biluyo inali itanyowa ndi thukuta pamene ndinaigwira.

Ofesi ya galaja inali kachipinda kokhala ndi zenera lopanda galasi, loyang'ana kumene amakaniko ankagwirira ntchito. Munali kalaliki wovala tayi, wamng'ono kwa ababa ndi zaka zambiri. Anapatsana moni mwaulemu. Ababa anakana mpando. Anatenga biluyo m'manja mwanga, anaiyala pa tebulo, nayankhula mokweza kuti akunja amve.

“Achimwene, galimoto ndinabweretsa Lolemba, ndinatenga Lachitatu. Tandiuzani, Lamulungu lalowa bwanji pakati pamenepa? Ine ndine mkulu wa mpingo. Sindinatume munthu kugwira ntchito pa Sabata.”

Kalaliki uja anayang'ana pepala, anayang'ana ababa, anayang'ananso pepala. Anafunsa kuti Lamulungulo lili pati. Ababa anaika chala pamzere womaliza. Ndinaona milomo ya mnyamatayo ikulimbana. Anayesetsa ndithu, zimenezo sindingamunamizire. Anafotokoza mofatsa kuti liwulo si Sande, koma limaimira girisi, parafini wotsukira zitsulo, nsanza zopukutira ndi timabawuti. Koma zenera lija linali litatulutsa kale zonse. Makaniko wina amene anali kunsi kwa lole, wongooneka mapazi, anaphulika kuseka.

“Madala, ife Lamulungu timakhala ku mpira, sitigwira sipanala.”

Anzake anagwa nazo. Wina anati mwezi wamawa ayamba kulipiritsanso Khirisimasi. Kalaliki anawakalipira, koma naye m'maso munali misozi ya kuseka. Kenako anafunsa kuti anawawerengera ndani, ndipo pofunsapo anayang'ana ine. Ndinali nditaima pakona, pafupi ndi matayala, maso ali pa nsapato zanga zapulasitiki.

“Ndinawerenga ndekha,” anatero ababa. “Maso akutha awa.”

Aliyense m'chipindamo anadziwa kuti si zoona. Munthu wowerenga yekha sabwera ndi mwana wa sukulu wogwira pepala. Ndiponso ababa sankanama. Limenelo linali bodza loyamba limene ndinawamva akunena, ndipo analinena atavala jekete ya kutchalitchi.

Za mapulagi anazitchula, koma ndi mawu otsika, ngati akupempha. Pamenepa ndi pamene anali ndi mlandu weniweni, chifukwa palibe anawafunsa asanasinthe. Kalaliki anatulutsa chitini chodzaza mapulagi akuda nati awo ali momwemo, anali atatheratu. Akanatha kukhala a galimoto ina iliyonse ya mumsewu umenewo. Ababa sanafunse kuti awo ndi ati. Anatulutsa kansalu kamene mayi anamangamo ndalama ya feteleza ija, anapereka yonse, analandira lisiti, nathokoza.

Tisanachoke pa Nathenje anaimika galimoto n'kundigulira mandasi awiri. Ndinawagwira m'kapepala mpaka kunyumba, mafuta akudontha pa siketi. Panjira sanatchule kanthu za ku galaja. Anangoti lamba watsopanoyo akugwira bwino, ndimve mmene injini yakhalira chete. Kwa mayi anangonena kuti biluyo inali yolondola. Chaka chimenecho munda wa kudambo sitinauthire feteleza wachiwiri, ndipo chimanga chake ndinkachilambalala popita kusukulu.

Nkhani inawapeza pa siteji sabata lisanathe. Kwa miyezi ingapo, akamalandira ndalama kwa okwera, mnzawo wina ankafuula kuti asaiwale kuwonjezera ya Sande. Ankaseka nawo. Ine ndinasiya kudutsa pa siteji, ndinkazungulira kuseri kwa chigayo.

Ndinkaganiza kuti sadzandiitananso. Koma patapita masabata angapo kunabwera kalata ya Chingerezi ya za kalabu ya alimi, ndipo ndinamva pakhonde mawu omwe aja, oti amayi abwere adzatimasulire. Ndinapita. Ndinawerenga mizere itatu bwinobwino, wachinayi ndinakumana ndi liwu lachilendo. Ndinaliyang'anitsitsa mpaka mayi anasiya kupeta.

“Liwu ili sindikulidziwa,” ndinatero.

“Lidumpheni. Mukafunse aphunzitsi mawa.”

Ababa anangotero basi, ndipo ndinapitiriza kuwerenga. Iwo anakhala akudziwa kuti mwana wawo analakwitsa liwu, nandikhululukira pa chimenecho. Zoti ndinatsegula dikishonale Lachisanu, zoti ndinakhala pambali pawo ulendo wonse wa ku Nathenje ndikudziwa, sindinawauze. Mizere iwiri ija ikadali m'kope lobiriwira, ndipo pansi pake tsambalo ndi loyera.