Ezeliya Atulutsa Shopu Pakhonde

Ezeliya anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kabudula, mumzere wa nyumba za matenanti momwe khomo lililonse linali ndi chilankhulo chake. Bambo ake anali Mlomwe wa ku Phalombe, mayi ake Mchewa wa ku Nambuma. Kumanja kunkakhala Ayao, kumanzere Atumbuka. Mwana wotumidwa kukapempha mchere pamalo otere amaphunzira msanga, chifukwa wopempha m'chilankhulo cha eni nyumba amabwerako ndi mchere wodzaza dzanja.

Atamaliza Folomu 4 anapeza ntchito pa Nsaru, mu shopu ya kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza. Anamuuza kuti akumuyesa kaye, kampani ikakhutira idzamulemba mokhazikika. Kampani, monga mudziwa, imakhuta mochedwa. Koma Ezeliya anapirira, pakuti ankafuna kuchotsa makolo ake pa esiteti. Chifuwa cha bambo ake chinali chitatopa ndi fumbi la m'zigafa.

Malonda ankayenda bwino mpaka pamene a Chikoti, manijala wa shopuyo, anapita ku wekishopu mumzinda. Anabwerako ndi tayi, botolo la madzi ndi lamulo: m'shopu muno kasitomala azilankhulidwa m'Chingerezi basi, kuti kampani ioneke yamakono.

Woyamba kulawa zamakonozo anali a Lackson, tenanti wachikulire wa ku Mzimba, amene Ezeliya ankawalonjera m'Chitumbuka chiyambire ali mwana.

"Gudu moningi, sa!" anatero Ezeliya.

A Lackson anavula chipewa, natembenuka kuti aone bwana amene akulonjeredwayo. Kumbuyo kunalibe munthu.

"Mwana wanga, ukudwala kodi? Kapena feteleza wakwera?"

"No, sa."

"Hii! Wakweradi."

Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itafika ku Mpingu: pa Nsaru feteleza ayamba kugulitsa m'Chizungu. Ndipo kuno aliyense amadziwa kuti katundu akayamba kulankhulidwa m'Chizungu, mtengo wake wavala nsapato. Mtengo sunasinthe ngakhale pang'ono, koma ndani akanafunsa? Kufunsako kunafunikanso Chizungu. Mvula ili pafupi, alimi anayamba kukwera kabaza kukagula ku Msundwe.

A Chikoti anafufuza chimene chagwetsa malonda, ndipo monga mwa mwambo wa maofesi, anachipeza mwa munthu wamng'ono kuposa onse.

"Mayi Ezeliya, mwezi uno ukatha chonchi, mudziwa nokha. Paja inu tikukuyesani."

"Bwana, kodi lamuloli likuti chiyani kwenikweni?"

"Chingerezi m'shopu muno."

"Nanga pakhonde?"

A Chikoti anakonza tayi. Za khonde ku wekishopu sanaphunzitse.

"Pakhonde si m'shopu," anagamula.

Tsiku la msika Ezeliya anaima pakhonde, phazi limodzi pafupi ndi chitseko, nakuwa ngati kondakitala wa minibasi.

"Monire, adada Lackson! Bwerani kuno, feteleza sanakwere, chinakwera ndi chilankhulo chokha!"

"Ndiye bwanji sunanene tsiku lija?"

"Ndinanena, adada, koma m'Chizungu!"

Msika wonse unaseka, ndipo anthu anakhamukira pakhondepo. Mayi wina wa ku Mangochi anamva moni wa Chiyao woti "Ajimwiche uli?" nagwetsa dengu ndi chimwemwe. Alomwe anabwera ndi njinga zawo. Ezeliya ankafunsa za ana, za nazale, za mbuzi imene inadwala chaka chatha, kenako n'kufika pa mbewu, chifukwa kuno munthu sugula kwa amene sanakufunse za kunyumba. Akamvana, ankalumpha chiundo cha chitseko, lilime n'kusintha pomwepo: "Ekisikyuzi mi, sa!" A Chikoti n'kumupatsa thumba, iye n'kutulukanso m'Chiyao. M'kati munali bata ndi Chingerezi. Panja panali fumbi, phokoso ndi malonda, mzere utafika kumsewu.

Pakati pa chipwirikiticho inaima galimoto ya kampani. Anatsika a Mathews, bwana wamkulu wochokera kulikulu, amene anabwera kudzaona chifukwa chake shopu ya pa Nsaru ikufa. Anachita kupempha njira kuti adutse.

"A Chikoti, n'chiyani chimenechi? Ndani wayambitsa?"

Ezeliya anaima chilili, thumba la mbewu lili pamutu. A Chikoti anayang'ana bwana, anayang'ana mzere, naona kumene mphepo ikulowera.

"Ndi njira yatsopano, bwana. Kufikira mlimi komwe ali."

"Zabwino kwambiri! Nanga mayi awa ndi okhazikika?"

"Tinali pafupi kutero, bwana."

"Pafupi pake pati?" analowerera a Lackson. "Mwanayu mukamuchotsa, ife tibwerera ku Msundwe. Muzigulitsana nokhanokha m'Chizungu chanucho."

A Mathews anaseka, nanena kuti nkhaniyo ithe sabata yomweyo. Ezeliya anatsitsa thumba, naomba m'manja, nathokoza m'zilankhulo zonse zimene ankadziwa, kupatula chimodzi. Amayi a pamzere anayamba nthungululu, mpaka ogulitsa tomato anathamanga kudzafunsa kuti akukwatiwa ndani.

Mvula yoyamba inapeza makolo a Ezeliya ali m'nyumba ya malata kuseri kwa msika wa Nsaru, kutali ndi zigafa. A Chikoti anaitanidwa ku wekishopu ina, ulendo uno kukaphunzitsa anzawo njira yatsopano ija, ndipo akuti anaifotokoza bwino kwambiri, m'Chingerezi.

Lamulo lija silinafafanizidwe, chifukwa ofesi sibweza mawu. M'shopu ya pa Nsaru mpaka lero mumalankhulidwa Chingerezi chokha, kungoti mulibe wolankhula naye. Kampani inatumiza tebulo ndi ambulera yaikulu, ndipo Ezeliya mukamufuna mukamupeza pakhonde. Mukapite ndi nkhani za kunyumba, akakufunsani.