Tsamba Lomaliza la Mkwatibwi Womira

Anzanga, ine Hazem ndinakumana naye chifukwa cha nthanga zokazinga.

Tinali pa tchuthi cha masabata awiri ku Ras el Bar, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, ine ndi mayi anga. A Sobhi, mkulu wogulitsa nthanga pafupi ndi gombe, ankakulungira m'masamba a magazini akalekale. Nditatambasula pepala langa ndinaona chithunzi chojambula pamanja: mkwatibwi wonyowa thupi lonse akugogoda pachitseko. Inali nkhani ya mzukwa, tsamba 31, ndipo inathera pakati.

Ine nkhani yosatha imandisowetsa mtendere.

"A Sobhi, tsamba 32 lili kuti?"

"Mwana wanga, ine ndimagulitsa nthanga, si laibulale ino."

Kumbuyo kwanga mnyamata wina anaseka. "Asisi, 32 ili ndi ine. Koma yadzaza mchere, muwerenga mukunyambita."

Ndiye Hazem ameneyo.

Kuyambira pamenepo masana aliwonse tinkakumana pa ngolo ya a Sobhi. Chodabwitsa n'chakuti tsamba lotsatira linkapezeka m'nthanga zanga, mwandondomeko, 33, 34, 35... Ine kupusa kwanga ndinkati ndi Mulungu akutilumikiza!

Hazem ankawerenga mokweza, akusintha mawu ngati mzukwa, mpaka ana osambira ankathawa.

"Iwe Nermin, wamantha ngati iwe za mizukwa ukuzifuniranji?"

"Nanga iwe bwanji ukuwerenga ukucheukacheuka?"

Tsiku lina anandigwira dzanja pa chithunzi choopsa, ndipo sanalisiye ngakhale chithunzicho titachipitirira. Ndinamukonda, sindibisa. Ndinamulumbiritsa kuti mathero tidzawerengera limodzi.

"Serious, Hazem. Ukawerenga wekha, mkwatibwiyo adzagogoda kwanu."

"Ndalumbira," anatero akuseka.

Mayi ankangodandaula kuti, "Nthanga zimenezi zidzakumera m'mimba."

Tsiku la 13 Hazem sanabwere. Ndinadikira mpaka dzuwa linandiwaula. Kenako a Sobhi anatulutsa pansi pa ngolo chikuto cha magazini, m'kati mwatsala tsamba limodzi.

"Hazem anatenga magazini yonse tsiku munakumana lija, n'kundisungitsa. Anati ndizikukulungirani tsamba limodzi patsiku."

Anzanga, mtima wanga unasungunuka! Ndinati kodi chikondi china n'choposa apa?

"Nanga iye ali kuti?"

A Sobhi anayamba kutakasa nthanga zomwe zinali zitapsa kale.

"Wabwerera kwawo ku Tanta. Lachisanu ali ndi chinkhoswe ndi mwana wa amalume ake. Ndimayesa anakuuzani..."

Ndinamuimbira foni pomwepo.

"Nermin, sorry. Ndimafuna kukuuza. Tsiku lililonse ndimati mawa, ndiye ukaseka ndimalephera."

"Ndiyankhe chimodzi. Mathero unawerenga?"



"Tsiku loyamba lomwelo."

Ndinadula foni n'kulira pamaso pa a Sobhi, opanda manyazi. Mkulu uja anandipatsa nthanga zina, ulendo uno m'pepala loyera, pamodzi ndi tsamba lotsala lija.

Sindimuda Hazem. Ndikukhulupirira kuti nayenso anandikonda, komanso kuti ankaopa akwawo kuposa mzukwa uja. Chimandiwawa n'chakuti ine ndinkayembekezera mawa, iye akuwerengera masamba otsala.

Anzanga, munthu akamakupatsani zinthu pang'onopang'ono, muzimufunsa zimene wasunga.

Tsamba 44 lili m'chikwama changa, lopinda, likununkhirabe mchere. Papita chaka sindinalitsegule. Ine ndinalumbira kuti sindidzawerenga ndekha.