Rimoti ya Dzanja Lamanzere

Ndikukumbukira Loweruka lina la mu Okutobala, ndili Fomu 2. Ndinadzuka mtima uli m'mwamba, mkeka utanyowa ndi thukuta. Tsikulo amayi ankandituma kumsika wa pa Ngabu kukagula rimoti, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalakwitsa, m'nyumba mwathu munalibe ndalama yogulira ina.

Bambo anga ankayendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe ku Nchalo mpaka pamene anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Atabwerera kumudzi tinkawachitira chilichonse. Amayi ankawasambitsa, ine ndinkawamwetsa phala ndisanapite kusukulu. Chimene ankachita okha chinali kusintha matchanelo. TV ndi dikoda anagula akadali pantchito. Ankakhala pampando wandalema, marimoti awiri ali pamwendo, ndipo wofuna kuonera china ankayamba wapempha kwa iwo.

Marimotiwo anawonongeka ndi dzuwa. Kwathu mabatire akafooka sitinkataya, tinkawayanika padenga la malata kuti adzuke. Tsiku lina amayi, pothamangira kudimba, anaika marimoti onse awiri padenga osatulutsa mabatire, ali m'timapulasitiki timene tinkawakutira poopa fumbi. Dzuwa la kuchigwa kuno silidziwa chibale. Pofika masana anali atapindika ngati chikwakwa, mabatani atamatirira kupulasitiki.

Dikoda yathu inali ndi batani loyatsira lokha, ndipo inakakamira pa tchanelo cha Chipwitikizi. Mabatani a pa TV anali atalowa m'kati kalekale. Bambo sanakalipe. Anangoloza kuti titembenuzire mpando wawo kukhoma. Pasanathe masiku anayamba kukana phala, ndipo amayi ankati akalowa kukhitchini, ankachedwa kutuluka.

M'mawa umenewo amayi anakulunga dikoda m'chitenje n'kundipatsa.

"Nsapato za mwana sagula osatenga kachingwe ka phazi lake," anatero. "Wogulitsa akakuyesere rimotiyo pomwepo, iwe ukuona."

"Nanga TV?"

"TV ungaisenze pa kabaza? Ukapemphe rimoti imodzi yogwira zonse ziwiri. Akuti iliko."

Wogulitsa anali ndi kaokala pafupi ndi ometa tsitsi, kumene ankakoka magetsi. Pathebulo pake panali mawailesi, matochi ndi marimoti ataundana ngati matemba. Nditafotokoza, anatola ina yopyapyala, yonyezimira, ya timabatani tambirimbiri.

"Asisi, iyi imagwira chilichonse. Ngakhale apongozi olongolola imawatsitsa voliyumu."

Analumikiza dikoda yathu ku ka TV kake, n'kudina, matchanelo n'kuyamba kusintha. Mtengo wake unali wotsika, moti ya kabaza wobwerera inkatsala. Ndinasangalala, ndipo ndinali nditayamba kale kumasula mfundo ya pachitenje. Koma dzanja lamanja linali pa mfundoyo, choncho rimoti ndinailandira ndi lamanzere. Nditayesa kudina batani limodzi, chala chinagunda awiri. Ndinaganiza za chala cha bambo, chachikulu, chokakala ndi chiwongolero, komanso chonjenjemera.

"Achimwene, palibe ya mabatani akuluakulu?"

Anafufuza m'katoni pansi pa thebulo n'kutulutsa ina yakuda, yafumbi, yaikulu ngati mtanda wa sopo.

"Iyi ndi ya agogo, asisi. Anzanu akakusekani."

"Si yanga. Ndi ya bambo anga."

Anandiyang'ana, nthabwala n'kuzisiya. Anaiyesa pa dikoda, inagwira. Kenaka anandilangiza za TV imene ndinaisiya kunyumba.

"Mukailoze, mudine batani lofiirali osasiya. Imafufuza yokha. TV ikazima, ndiye kuti zamvana."

Yakudayo inali yokwererako mtengo, inadya ndi ya kabaza yomwe. Ndinabwerera wapansi, dikoda ili pamutu, mchenga ukuotcha kudzera m'masilipasi.

Kunyumba dikoda inamvera msanga. TV ndiyo inakana. Ndinadina batani lofiira, ndinadikira, palibe chinachitika. Ndinasiya, ndinayambiranso. Ndinatulutsa mabatire, ndinawapukuta pa siketi, ndinawabwezera. Ndinasendera pafupi, ndinabwerera m'mbuyo. TV inangopitiriza kubwebweta, mawu ali pamwamba monga anasiyidwira tsiku lija. Amayi anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Kodi mwanawe wagula ya dikoda yokha?"

Misozi inali italengeza, ndipo ndinkaganiza za ulendo wobwerera kumsika ndi nkhope ya wogulitsa akundiuza kuti chogulidwa sichibwezedwa.

Apo ndinamva mpando ukulira. Bambo anali atatembenuza mutu kuchoka kukhoma.

"Pa... patse."

"Dikirani bambo, ndikukukonzerani."

"Patse kuno."

Ndinayang'ana amayi. Iwo anangogwedeza mutu. Tinatembenuza mpando, ndinaika rimoti pamwendo pawo, n'kuwauza zimene wogulitsa ananena. Anaikankha ndi dzanja lamanzere mpaka inaloza TV, anaika chala pa batani lofiira, n'kuchisiya pomwepo.

Nthawi inapita. Malata ankathetheka ndi kutentha. Nkhuku inalowa, inazungulira, inatuluka. Dzanja lawo linkanjenjemera, thukuta likutsika m'khosi, koma chala sichinachoke. Ndinafuna kunena kuti sizikutheka, ndiwalande ndiyesenso ndekha. Amayi anandigwira paphewa.

TV inazima.

Bambo anachotsa chala. Anadinanso, inayaka. Anatsitsa mawu, anakweza, anatsitsanso. Kenaka anayamba kuyenda m'matchanelo pang'onopang'ono, limodzi ndi limodzi, mpaka anapeza mpira.

"Pyadidi," anatero m'Chisena cha amayi awo, kutanthauza kuti zili bwino. Ine ndinali chiimire pakati pa nyumba. Anandiyang'ana ndi diso lawo lakale lija.

"Choka. Ukunditchinga."

Chidwalire anali asanandikalipirepo. Amayi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Ine ndinakhala pansi pomwepo, ndinavula masilipasi, n'kuona kuti mapazi anga anali atatuluka matuza.

Pano ndine mayi, ndipo ndasamalirapo odwala angapo. Ndimaona achibale akuthamangira kumulanda wodwala chilichonse m'manja, kapu, chipeso, ngakhale mawu amene akuvutika kumaliza, akuganiza kuti ndicho chikondi. Nanenso ndinkaganiza choncho. Pamsika paja ndinakumbukira kukula kwa chala cha bambo, koma nditafika kunyumba ndinaiwala kuti chalacho chikadali ndi mwini wake. Rimotiyo inkangofuna munthu wodziwa kudikira, ndipo m'nyumba monse wodziwa kudikira anali iwowo.

Madzulo a tsikulo bambo anamwa phala lonse, maso ali pa mpira. Ndikutsuka mbale ndinaganiza chochita m'mawa mwake. Ndinati ndidzaphika phala lolimbako, ndidzawayalira chitenje pachifuwa, supuni ndidzaiika m'dzanja lawo lamanzere, ndipo likatayika, litayike.