Mapiritsi a Buluu Pansi pa Mpapaya

Kanali kachitini ka majarini, kadzimbiri m'mbali, ndipo kankakhala pamwamba pa kabati m'nyumba yathu ku Bangwe. M'menemo munali mapiritsi a mayi a mitundu iwiri. Oyera anali oletsa mawu amene mayi ankamva kudenga, mawu amene ine sindinawamvepo. Oyera omwewo ndi amene anawanenepetsa mpaka mawondo kuyamba kukana chitunda cha kumsika. Choncho malume anawatengera kwa dokotala wina m'tauni, amene anawonjezera a buluu, ochepetsa thupi.

Dzinja limenelo ndinali mu sitandade folo, ndipo sindikumbukira nthawi ina imene mayi anali bwino chotero. Ankaimba pokazinga mandasi ogulitsa. Ankandifunsa masamu n'kumaseka ndikalakwa. Masiketi awo anayamba kukhwepa, ankawagwiriza ndi pini.

Kenako kumpopi kunayamba mawu ena, a anthu enieni. Bambo anali atamwalira chaka cham'mbuyo atadwala nthawi yaitali, ndiye anthu anangolumikiza nkhani. "Kaliwondewonde ameneyo," anatero mzimayi wina, akutsuka mpopi ndi sopo mayi atangosenza ndowa. Ine ndinkayesa dzina la nyimbo. Mandasi anayamba kubwerera kunyumba beseni lodzaza.

M'mawa wina ndinawapeza atagwada pansi pa mpapaya, akukwirira a buluu aja limodzilimodzi ngati akudzala chimanga. "Usawauze amalume ako," anatero osacheuka. Kuyambira tsiku limenelo oyera ankamwa awiri m'malo mwa limodzi. Ankadziwa kuti amanenepetsa.

Thupi linabwerera. Nyimbo zinatha. Ankakhala pakhonde manja ali pamawondo, maso osaphethira, ntchentche ikuyenda pamlomo osaiingitsa. Ndikawaitana, mutu unkatembenuka mochedwa, ngati mawu anga adzera kutali. Fungo la mafuta okazingira linachoka m'nyumba, munatsala la zovala zosauma.

Azimayi a kumpopi ankaima podutsa n'kuomba m'manja. "Koma ndiye mwachira, asisi! Taonani masayawo!" Kenako ankapitiriza ulendo wawo ali okhutira.

Patapita zaka zambiri, mkazi wanga atamwalira, nanenso ndinapatsidwa mapiritsi oyera. Ndanenepa. Achibale ake amandiyang'ana pamimba n'kumanong'onezana kuti ndaiwala msanga. Sabata yatha dokotala anandifunsa ngati ndikufuna mankhwala ochepetsa thupi. Ndinamuuza kuti ndikaganize kaye. Sindinamuuze za mpapaya.

Masiku aja ndili mwana, ndikaweruka kusukulu ndinkathirira pamene mayi anakwirira paja, ngakhale mvula inkagwa yokwanira. Ndinkadikira kuti pamera chinachake. Ndipo ndinkasangalala kuti anthu ayambanso kupereka moni pakhomo pathu. Sindinkadziwa kuti pakhonde paja panalibenso woti n'kuulandira.