Mphunzitsi Woyamba wa Sukulu ya Makolo pa Chisi

Ndinanyamuka pa Zomba Loweruka m'mamawa, m'zaka za Chitaganya zija, nditasenza bolodi, masileti ndi kabokosi ka choko. Bungwe la makolo a pachilumba cha Chisi, Asilamu ndi Akhristu pamodzi, linali litamanga sukulu yaudzu n'kundilemba uphunzitsi. Woyendera masukulu ankayembekezeka Lolemba. Akanapeza palibe mphunzitsi, sukuluyo akanaikaniza.

Pa lole ya ogula nsomba ndinalipira masheleni awiri, imodzi yanga, ina ya bolodi, poti dalaivala anati latenga malo a munthu wonenepa. Tili kwa Kuntumanji tayala linaphulika. Anzanga anagona pansi pa mtengo wa mango, koma ine ndinkangozungulira lole ngati nkhuku yofuna kuikira, maso ali padzuwa.

Pa dooko la Kachulu tinafika masana, mwera ukuwomba, ndipo eni mabwato onse anandikana. Ndinagula chinangwa ndi matemba ootcha. Ndinkangoti kukhala, kudzuka, kupita kudooko, kubwerera.

Mayi wina wa pa Chisi, Abiti Saidi, amene anabwera kudzagulitsa nsomba zouma za makumba, anandiitana. Anandiuza kuti mwana wawo woyamba anapita kusukulu kutali n'kubwerako ndi dzina lachilendo, osafunanso kuponda kumzikiti. Kunyumba anali ndi wina wamkazi, dzina lake Asiyatu.

"Aphunzitsi, mwana wanga akalowa Asiyatu, adzatuluka ndani?"

Ndinayamba kulongosola malamulo a bungwe, koma anandidula, amvekere malamulowo amawadziwa, popangana analipo. Ankafuna mawu anga.

"Adzatuluka Asiyatu yemweyo, mayi, koma wodziwa kulemba dzina lakelo."

Mayiwo anakanong'oneza alongo awo, a Bwanali, mwini bwato lalikulu. Tinanyamuka mphepo isanaleke. Mafunde ankalowa m'bwato, Abiti Saidi akukapa madzi ndi chipanda, ine nditafungatira choko m'malaya ngati khanda.

Pachilumba tinapeza makolo akuzira pansi m'sukulumo. Lolemba woyendera uja anaona chipinda chodzaza, Asiyatu ali kutsogolo, ndipo anavomereza.

Pochoka ku Zomba ndinkadziyesa wopititsa sukulu kwa anthu. Chonsecho sukuluyo anali nayo kale. Ine ndinali chabe katundu womaliza kufika.