Waya wa maiki umene ndinazula pa Nsaru

"Iwe! Ukuwadziwa amene ukuwazimitsira maikiwo?"

Anakuwa choncho wapampando wa komiti yathu, ine waya uli m'manja. Kuwadziwa ndinkawadziwa. Anali mkulu wina wogula mtedza pa Nsaru, amene komiti inamuitana ati msonkhano wopanda mlendo wolemekezeka anthu amaupeputsa.

Ine ndimakonza mafoni, ndipo kulemba mapulogalamu a kompyuta ndinadziphunzitsa ndekha. Msonkhanowo ndinauyambitsa ndine, kuti ife olemba mapulogalamu a kuno kwathu tikumane, aliyense asonyeze chilankhulo cha kompyuta chimene amalembera, makamaka zosatchuka zija zimene a m'tauni amazinyoza. Magetsi anali atazima chim'mawa. Pulojekita ndi zokuzira mawu zinkadyera batire imodzi ya sola, ndipo a komiti ndinawauziratu kuti ikatha imeneyo, basi zatha.

Mphunzitsi wina wamkazi anachokera ku Msundwe pa kabaza, laputopu atayikulunga m'chitenje. Anabwera kudzatisonyeza chilankhulo chopepuka chimene chimayenda ngakhale pa makompyuta okalamba a kusukulu kwawo. Ndinamulonjeza ndi pakamwa panga kuti alankhula.

Mlendo uja anafika dzuwa lili pamutu. Pemphero. Kenako mlembi kuitana wachiwiri kwa wapampando, wachiwiriyo kuitana wapampando, aliyense kupereka ulemu kuyambira kutsogolo mpaka kwa ophika. Maiki atafika kwa mlendoyo, anayamba kutifotokozera mmene anagulira lole yake yoyamba. Munthu woti akaiwala nambala yachinsinsi ya foni yake amathamangira kwa ine! Kanyale ka batire katafiira, ndinadzuka n'kuzula waya.

"Ndikuwadziwa," ndinamuyankha wapampandoyo. "Kodi tabwerera lole pano?"

"Watichititsa manyazi! Nkhuku zamasanazi apereka ndi iwowa!"

"Ndiye akalankhule ndi nkhukuzo."

Anandilanda waya, anyamata awiri n'kundikhazika pansi. Wapampando anapepesa kwa nthawi yaitali, pa maiki omwewo. Mlendo uja, poti anasokonezedwa, anayambiranso nkhani ya lole pachiyambi. Batire inatha anthu akuwomba m'manja, akatswiri athu a makompyuta amenewo, maso ali kumapoto.

Mphunzitsi uja anakulunganso laputopu yake. Sanadye n'komwe. Anangoti, "Zikomo abambo, tayendako eti," n'kutuluka.

M'mawa mwake sindinatsegule shopu. Ndinatchaja batire, kumanga pulojekita kumbuyo kwa njinga yamoto, n'kulunjika ku Msundwe. A komiti sindinawauze.