Kagetsi ka pakona kwa amayi

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku limene bambo wina ku Rumphi boma anandilipira nkhuku nditamukonzera kompyuta. Nkhuku yake yowonda, ya chitopa chapafupi. Amayi sanandiletse. Iwonso ndi obwera: anachoka ku Ntcheu kutsata bambo anga, mphunzitsi wa ku Bolero, ndipo bambowo atamwalira anatsala m'nyumbamo ndi ine ndekha.

Ndisananyamuke ndinaika kompyuta yakale pakona pabalaza, n'kuilumikiza ku batire la sola. Ntchito yake inali kulandira makope a zonse zimene ndizikasunga kunjako, kuti akuba akadzandiyeretsa ndisadzayambire pansi. "Amayi, iyi musamazimitse," ndinatero. Malangizo amene ndinasiya ndi okhawo.

Ku Joni ndinkakonza mafoni m'kashopu ka eni ake. Kuchipinda kwanga ndinaunjika makompyuta otola, moti bedi linkachita kupempha malo. Ndalama ndinkatumiza, pamenepo sindinama, koma foni ndinkaimba mwa apo ndi apo. Ukaimba amafunsa kuti ubwera liti. Kusungulumwa kunandidya. Lamulungu linkatha lathunthu osayankhula ndi munthu. Chonditonthoza chinali kamzere kotuluka pa sikirini madzulo alionse ndikaweruka, konena kuti ya ku Bolero yalandira. Ndikakaona ndinkati kumudzi kuli bwino, basi.

Disiki ya kumudzi itayandikira kudzaza, ndinagula kabokosi katsopano kokwana m'manja, kosadya magetsi, kopanda phokoso. Ndinakwera basi ndikudzimva ngati wobweretsa chitukuko.

Ndinapeza yakale ija ikulirabe ngati chigayo cha patali, yopukutidwa bwino, pamwamba atayalapo kansalu koluka. Koma babu la pabalaza linali lochotsa, ndipo patebulo panali tochi.

"Batire linatopa kalekale," amayi anatero. "Silikwanitsa ziwiri, nyali ndi makina ako. Ndinasankha makina."

Manyazi anandigwira. Ndinalowa m'ntchito kuti ndisawayang'ane kumaso. Ndinasamutsira mafayilo m'kabokosi katsopano, ndinabwezera babu, kenako ndinazimitsa yakaleyo. M'nyumba munangoti zii.

Amayi anazungulira kabokosiko, akusuzumira uku ndi uku, n'kuthokoza m'Chitumbuka. "Yewo chomene, mwananga. Nanga kagetsi kake kali pati?"

"Kalibe, amayi. Aka n'kamakono."

"Kaja kakayamba kuphethira madzulo, ndimadziwa kuti Wongani wanga wafika kunyumba, sanamubaye. Ndimakokera mpando pafupi mpaka kasiye."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti wosungulumwa ndi wapaulendo yekha, kuti kumudzi anthu amakhala thithithi, akuseka. Sindinaganizepo kuti ola limene ndinkadikira kamzere kanga, amayi anali mumdima ku Bolero akudikira kagetsi kawo. Makina awiri ankapatsana moni tsiku ndi tsiku, eni ake tili duu.

Tikiti yobwerera inali kale m'thumba, ndipo ntchito ya ku Joni sikanandidikira. Ndinatsegula yakale ija, ndinadula kagetsi kobiriwira, n'kuyamba kukalumikiza pa kabokosi katsopano kuti kaziphethira makope akamalowa. Kameneka ndiye sikangatopetse batire. Amayi anaima kumbuyo kwanga atagwira m'chiuno.

"Ika, kaziphethira," anatero. "Koma foni yangayinso imayaka munthu akaimba."